Mwendo wa Kilachi

Mabokosi 42 a tomato ndiwo ankakwana kumbuyo kwa pikapu ya a Zefaniya Malunga, ukawasanja bwino ndi kuwamanga ndi chingwe cha nayiloni. Katatu pa sabata, Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka, a Zefaniya ankanyamuka ku Rimuka, ku Kadoma, kupita kuminda ya kuseri kwa Chegutu: makilomita 34 a tala ndi ena 9 a fumbi. Mwini geniyo anali mdzukulu wawo Shylet, mtsikana wa zaka 23 amene ankaoda tomato kwa alimi n'kumagulitsa kwa amayi a pamsika. A Zefaniya ntchito yawo inali chiwongolero. Mdzukuluyo ankamutcha abwana, ndipo iye ankawatcha sekuru, kutanthauza agogo m'Chishona. Iwo ankamuyankhula m'Chichewa, iye n'kumawayankha m'Chishona monga achitira ana ambiri obadwira kuno, koma ankamvana bwinobwino, makamaka akamakangana.

A Zefaniya anabadwa mu 1957 m'komboni ya pafamu ya fodya pafupi ndi Selous. Bambo awo anachokera ku Ntcheu wapansi, ndipo anamwalira asanabwerereko. Mwana wawoyo Ntcheu ankangoimva m'nyimbo za kutchalitchi ndi m'matukutuku a bambo ake. Chimene anakula akuchidziwa chinali thirakitala. Anaikwera ali ndi zaka 16, kapitawo atapeza kuti dalaivala wamkulu wagona ndi mowa, ndipo sanatsikeponso mpaka famuyo itasintha eni. Kenako anayendetsa lole ya pamgodi wina waung'ono cha ku Chakari, kunyamula miyala. Kumeneko ndiko anatolako Chilapalapa, chiyankhulo cha m'migodi, chimene mpaka lero chimawatuluka akapsa mtima.

Mu 2017 anagwa pabwalo akutsuka nsapato. Madokotala anati ndi sitiroko. Pakamwa panawongoka patapita miyezi iwiri, dzanja lamanzere linabwerera pang'onopang'ono, koma mwendo wamanzere unangobwera theka. Kuyenda ankayenda, mokoka phazi pang'ono. Kuponda chinthu mwamphamvu ndiko kunakanika. Kwa zaka ziwiri anakhala pakhonde, kumvetsera magalimoto odutsa n'kumatchula matenda ake: uyu mapulagi, uyo wachedwa kusintha giya. Akazi awo anali atamwalira kale. Anthu ankawapatsa moni, koma panalibe amene ankawafunsa kanthu.

Mwana wawo Stefano, bambo ake a Shylet, amene amagwira ntchito ku Joni, ndiye anawagulira pikapu yakale ya otomatiki. Ilibe kilachi, imafuna mwendo umodzi wokha. Tsiku loyamba a Zefaniya anaizungulira kawiri akuipeputsa.

"Galimoto ya mapedulo awiri? Imeneyi ndi ya madona opita kukagula maluwa."

Koma atakhala pampando n'kuponda moto, galimoto n'kusuntha popanda kuwapempha mwendo wamanzere, anayendetsa mpaka kumapeto kwa msewu n'kuima, ndipo anakhala m'menemo kanthawi mawindo ali otseka. Atabwerako anali atapereka kale mayina kwa zilembo za pagiya. P anali Puma. D anali Dzipita. R anati alibe dzina la kwathu, ndi rivesi basi. N anamutcha Ndamasuka, chifukwa pathirakitala ndi palole, ukachotsa giya zonse zam'kati zimalekana, matayala n'kumazungulira okha opanda chowagwira.

Zaka zisanu pikapuyo sinawakhumudwitse. Shylet atayamba geni ya tomato anapeza dalaivala amene sachedwa, samwa, ndipo amadziwa dzenje lililonse la pamsewu wa Harare ngati anakumba yekha.

Tsoka linabwera Lachitatu lina mu October, dzuwa lili paliwombo. Atadutsa Chegutu ndi katundu wodzaza, panamveka phokoso ngati chikwapu pansi pa boneti, ndipo muvi wa kutentha unayamba kukwera. A Zefaniya anapatuka n'kuzimitsa injini. Lamba anali ataduka. Ndi vuto laling'ono, koma lamba wina analibe, ndipo tomato samadikira munthu padzuwa. Kunali kutatsala makilomita 27 kuti afike kunyumba.

Shylet anali atayamba kale kufufuza pafoni anthu onyamula magalimoto owonongeka pamene kunatulukira thirakitala yofiira ikulira pang'onopang'ono m'mbali mwa msewu. Pamwamba pake panali a Yobu, mnzawo wa a Zefaniya amene anakulira nawo komboni imodzi. Ankapita nayo ku Kadoma kukawotcheretsa chitsulo.

"Achimwene!" anakuwa a Yobu asanaime n'komwe. "Mwaima pamsewu ngati apolisi, mukufuna layisensi ya ndani?"

"Yanuyo. Tsikani, tione ngati chinthu chimenecho chili ndi mabuleki."

"Mabuleki ake ndi pemphero. Dona wanu watani?"

"Wadula lamba."

"Ndinakuuzani ine, mkazi wa m'tauni safuna fumbi."

A Yobu anali akumasula kale tcheni. Shylet anayesa kunena kuti pali munthu wa ku Chegutu amene angabwere ndi lole n'kuikweza yonse, koma madala awiriwo anamuyang'ana ngati watukwana. Kukomboni kunali lamulo limene silinalembedwe paliponse: wakwanu sumudutsa pamsewu, ndipo wakwanu akakuponyera tcheni suitana mlendo. Anthu amene analibe mudzi wothawirako m'dziko lino ankakokana okha, pamaliro ndi pamatope pomwe.

A Zefaniya anaika giya pa Ndamasuka, injini ili chizimire, n'kukweza dzanja pawindo. Anayenda ola ndi theka. Chiwongolero chinali cholimba, buleki ngati mwala, koma mwendo wamanja unagwira ntchito yake. Analowa mu Rimuka ana akuwathamangira, ndipo tomato yense anafika wamoyo. A Yobu anakana ngakhale ya dizilo. Analandira tomato wodzaza chipewa basi.

M'mawa mwake a Ramadhan, makaniko wa mseri mwa msika amene makolo ake anachokera ku Mangochi, anabwera ndi lamba watsopano. Mphindi makumi awiri zinakwana. Injini inalira bwino ngati kale. A Zefaniya anaika pa Dzipita n'kuponda moto. Galimoto inaganiza kaye, kenako inagwedezeka n'kusuntha. Pofika pakona injini inkakuwa koma liwiro panalibe, ngati munthu wothamanga pamchenga. Anakwawa nayo choncho mpaka kugalaja.

A Ramadhan anasolola kachitsulo koyezera oyilo wa m'giyabokosi, n'kukapukutira pachala. Oyiloyo amayenera kukhala wofiira. Uyu anali wakuda, ndipo ankanunkha ngati mphika wopserera.

"Madala, dzulo munabwera nayo bwanji galimotoyi?"

"Anandikoka a Yobu."

"Mtunda wotani?"

"Kuchokera kuno kwa Chegutu."

"Injini ikulira?"

"Ikalira bwanji yopanda lamba? Koma ndinaika pa N. Inali yomasuka."

A Ramadhan anavula kapu n'kudzikanda m'mutu. Anafotokoza mofatsa, chifukwa ankayankhula ndi munthu amene anayamba kuyendetsa iwo asanabadwe. Giyabokosi ya otomatiki imakhala ndi moyo chifukwa cha oyilo, ndipo pampu yoyendetsa oyiloyo imazunguzidwa ndi injini. Injini ikazima, oyilo amangokhala pansi. Koma matayala akumbuyo akamagudubuzika amazunguza shafiti, shafiti n'kumazunguza zam'kati, zouma, zikukhulana mpaka kupsa.

"N wa galimoto izi samasula zonse, madala. Mukanamasula shafiti pansipo, bwenzi palibe chimene chachitika. Ndi mabawuti anayi okha."

"Anayi?"

"Anayi."

Sipanala yake inali pansi pa mpando wa a Zefaniya, yokulungidwa m'kansalu.

"Ayikona," anatero a Zefaniya motsitsa mawu. Kenako anawonjeza kuti, "A Yobu asamve zimenezi. Iwo anachita zaumunthu. Wopusa ndine, amene ndinali pachiwongolero."

Shylet atafika kuchokera kumsika, a Ramadhan anamuyalira njira ziwiri. Yoyamba, kuchotsa giyabokosi yakufayo n'kuikamo ya manyuwo, yosintha ndi dzanja. Anali nayo kale pagalaja, m'pikapu ina ya mtundu womwewo imene inagundidwa kumbuyo, pamodzi ndi pedulo ya kilachi ndi zonse zofunika. Madola 600, masiku anayi, ndipo ikadzavuta makaniko aliyense wa pansi pa mtengo angaikonze. Anthu ambiri amachita zimenezo. Yachiwiri, kutengera yakufayo kwa munthu wina wa ku Pfupajena, ku Chegutu, amene amatsegula ma otomatiki n'kusintha mapuleti opsawo. Madola 950, ndipo zipangizo zake n'zodikira kuchokera ku Harare, mwina masabata atatu.

Shylet sanachedwe. Mutu wake umathamanga kuposa pakamwa pa wogula.

"Manyuwo," anatero m'Chishona. "Ndi yotchipa, ndi yachangu, imamwa dizilo pang'ono. Masabata atatu osapita kumunda makasitomala anga atengedwa ndi ena. Handiti, sekuru?"

A Zefaniya anayang'ana mwendo wawo wamanzere. Mwanayo ankawaona tsiku lililonse akukoka phazi, koma anawazolowera choncho. Pamene ankagwa ndi sitiroko iye anali kusukulu yogonera komweko, ndipo chiyambire geni sanawaonepo akulephera kanthu pagalimoto. Kwa iye sekuru anali munthu woyendetsa chilichonse chokhala ndi matayala. Ndiye amuuze bwanji? Galimoto aipha okha ndi umbuli wawo, kenako apemphenso kuti mwana alipire zambiri ndi kutaya makasitomala chifukwa cha mwendo wa nkhalamba?

"Abwana ndinu," anatero. "Masamu ndi anu."

Anagwirizana kuti ntchito iyamba Loweruka.

Lachisanu masana a Zefaniya anapita kugalaja. Ankadziwa kuti nthawi imeneyo a Ramadhan amakhala ali kumzikiti ndipo pamalopo pamangotsala galu wogona pansi pa lole. Pikapu yogundidwa ija inali pakona, itakhazikidwa pa njerwa. Anatsegula chitseko, n'kukweza mwendo wamanzere ndi manja awiri monga ankachitira masiku onse, n'kukhala. Pansi panali mapedulo atatu. Anali asanawaone pafupi chotero kwa zaka zisanu ndi ziwiri.

Anayamba ndi kuwerenga ulendo wonse m'mutu. Kutuluka pageti. Mahampu a mu Rimuka. Maloboti a m'tauni. Malole oyenda pang'onopang'ono amene umawatsatira mpaka upeze mpata. Chegutu ndi makombi ake, maminibasi oima paliponse. Msewu wafumbi wa kumunda, umene sulola giya imodzi kwa mphindi ziwiri. Anapeza kuti kupita kokha munthu amaponda kilachi kosachepera ka 70. Kubwerera ndi katundu n'kuposa pamenepo.

Anaika phazi pa pedulo n'kukankha. Inatsika mpaka pansi. Kachiwiri inatsikanso. Kachitatu bondo linayamba kunjenjemera. Kachinayi inafika pakati n'kuima, ndipo anachita kukanikiza bondo ndi dzanja kuti ifike. Kachisanu phazi linaterereka, pedulo n'kubwerera ndi phokoso, galu uja n'kudzuka.

Anapuma. Anapukuta thukuta ndi chipewa. Anayambiranso, ndipo ulendo uno anafika katatu.

Anakhala atagwira chiwongolero cha galimoto yopanda matayalayo, akuyang'ana mpanda wa malata. Zimene ankaona zinali khonde lija, mpando wa pulasitiki, ndi magalimoto a anthu ena akudutsa.

"Sekuru."

Shylet anali ataima pambali pa chitseko, m'manja muli kontena ya sadza, nsima ya kuno, ndi masamba. Anali atawasowa kunyumba, ndipo mayi woyandikana nawo anamulozera kumene analowera. A Zefaniya sanadziwe kuti wakhala pamenepo nthawi yaitali bwanji.

"Ndimaona ngati mipando yake ili bwino kuposa yathu," anatero. "Tikhoza kuwauza a Ramadhan atipatsenso mipandoyi."

Shylet sanaseke. Anazungulira n'kulowa mbali inayo, n'kukhala pampando wodzaza fumbi. Anatsegula kontena n'kuiika pakati pawo, koma panalibe amene anaigwira. Anayang'ana mapedulo, n'kuyang'ana mwendo umene unali ukunjenjemerabe wokha m'buluku.

Atayankhula, anayankhula m'Chichewa. Chinali Chichewa chopindika, cha munthu amene wakhala akuchimva moyo wake wonse koma osachigwiritsa ntchito, ndipo mawu ena ankachita kuwafunafuna.

"Agogo, masamu anga aja... ndinalakwitsa."

"Inu abwana kulakwitsa masamu? Lero kugwa mvula."

"Ndinaiwala kuwerengera dalaivala. Manyuwo ifuna dalaivala wolemba ntchito. Katatu pa sabata, chaka chonse. Ndiponso anyamata amenewa amaba dizilo, amanyamula anthu panjira, amathyola mabokosi pamahampu. Pofika Khirisimasi yotchipa ija ikhala itadula."

A Zefaniya anamuyang'ana cham'mbali.

"Si paja unati chaka chino utenga layisensi, uziyendetsa wekha?"

"Nditenga."

"Ndiye dalaivala wolemba ntchito wachokera kuti?"

Shylet anaona kuti wagwidwa. Kenako anakwiya pang'ono, ndipo Chishona chinabwerera chokha.

"Maiwe, sekuru! Ndikamayendetsa ine, foni ayankha ndani? Mitengo akambirana ndani ndi alimi? Mukufuna ndizisintha magiya uku ndikukangana ndi amayi a pamsika? Ine ndine bwana. Bwana amakhala kumanzere."

"Galimotoyo ndaipha ndine, mwana iwe."

"Mwaipha. Ndipo mpaka kufa kwanu ndizikukumbutsani za mabawuti anayi."

"A Ramadhan anakuuza?"

"Ndinawafunsa. Koma a Yobu sindiwauza, musadandaule."

A Zefaniya anaseka, kenako anatembenukira kuwindo ngati pali chimene chawagwera m'diso. Shylet anawasiya. Anatenga botolo la madzi n'kuwathirira m'manja pakhomo la galimoto, ndipo anayamba kudya.

"Nanga makasitomala ako?" anafunsa a Zefaniya atameza mbamu ziwiri. "Masabata atatu si masewera."

"Akuluakulu ndi asanu ndi mmodzi. Amenewo sindiwataya. Pali lole ya kabichi imene imachokera ku Selous Lolemba ndi Loweruka, imakhala ndi malo a mabokosi 15. Ndayankhula kale ndi mwini wake sabata yatha, pa nkhani ina. Otsalawo ndiwapatsa anyezi, anyezi saola, ndikhoza kubwera naye pakombi."

"Ndipo ndalama yowonjezerayo?"

"Firiji ija ndimafuna kugula idikira. Sinayambe yadandaulapo."

"Abambo ako ukawauza chiyani?"

"Kuti giyabokosi yafa ndipo tikuikonza. Bodza lili pati?"

A Ramadhan anawapeza ali momwemo, m'pikapu ya panjerwa, akumaliza sadza ngati anthu amene ali paulendo wautali.

"Mwafika pati, apaulendo?" anafunsa akuvula mkanjo wawo woyera n'kuupachika pamsomali.

"Tadutsa Chegutu," anayankha a Zefaniya. "Abwana asintha maganizo panjira."

Shylet anafotokoza. A Ramadhan anamvetsera, anayang'ana mapedulo atatu aja, n'kuyang'ana a Zefaniya, ndipo sanafunse chifukwa. Anangotulutsa foni n'kuimbira munthu wa ku Pfupajena uja. Anayankhulana kanthawi. Munthuyo anati aibweretse giyabokosiyo pamodzi ndi chitsulo chozungulira chimene chimailumikiza ku injini, ndiponso atsuke mapaipi onse a oyilo, chifukwa zinyenyeswa za mapuleti opsa zikatsalamo zidzaphanso yatsopano. Sanalonjeze kanthu asanaitsegule. Anati ikapezeka kuti yapsa mpaka m'mafupa adzanena, ndipo zikatero adzafunafuna ina yakale ku Harare.

"Mwamva, madala? Akuti mwina," anatero a Ramadhan.

"Ndamva. Mwina ndi wabwino. Ine adokotala sanandipatse ngakhale mwina."

A Zefaniya anatsika m'galimotomo, mwendo wamanja poyamba, wamanzere pambuyo ndi manja awiri. Anapita kumene kunali pikapu yawo, n'kugwada movutikira kuti aone pansi pake. Anapeza shafiti ija, n'kuwerenga mabawuti ndi chala. Analidi anayi.

"Mawa amenewa ndimasula ndine," anatero. "Inu a Ramadhan mudzayambire pamene ndalekezera."

Anapangana kuti Loweruka m'mawa atsitsa giyabokosi. Lolemba aikweza palole ya kabichi ikamabwerera yopanda katundu, ndipo a Zefaniya apita nayo ku Pfupajena kuti akaone ndi maso awo ikamatsegulidwa. Shylet akatsikira ku Chegutu komweko n'kupitirira kumunda kukaoda mabokosi 15 oyamba, oti adzakwere loleyo ikamadzabweranso.